Tikiti ya Xiaoman

Adelaide, 10 Malichi 2013

Okondedwa bambo a Yanfei,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi Amayi. Ine ndili bwino, Yanfei ali bwino, mdzukulu wathu Nuonuo wachoka dzino lakutsogolo ndipo akuonetsa aliyense. Kuno dzuwa likuwotcha ngati kwathu ku Kaifeng mu Julayi, pamene inu mukadali m'majasi.

Mtima wanga wakhala pansi, ndapeza ntchito. Paja munkati mphunzitsi wa masamu wa zaka 66 angamufune ndani kudziko la eni. Andifuna a Dokotala Kuang, mayi wa ku Guangzhou amene amaphunzitsa payunivesite. Akuchita kafukufuku woyeza kukula kwa nkhawa imene ana athu a ku China amakhala nayo pamene akuyesa kuzolowera moyo wa kuno. Ine ndimakhala patebulo pafupi ndi laibulale masiku atatu pamlungu. Ndimaitana ana, ndimawawerengera malamulo m'chinenero chathu, ndimawapatsa pepala la mafunso 30, akabweza ndimawonkhetsa. Funso lililonse amaliyankha ndi nambala kuyambira 1 mpaka 5. Wolemba 1 akuti sizimuchitikira, wolemba 5 akuti n'zatsiku ndi tsiku. Mafunso ake ndi monga akuti kodi umaopa kulankhula m'kalasi, kodi umadya wekha, kodi umawabisira makolo ako mmene zinthu zilili.

Koma ana athu mumawadziwa. Mwa mapepala 41 amene ndalandira, 26 ali ndi 3 yekhayekha kuchokera pamwamba mpaka pansi. Mnyamata wina wa ku Shenyang anamaliza ndisanatsegule n'komwe botolo langa la tiyi.

"Iwe, mafunsowa wawawerenga?"

"Aphunzitsi a Pei, 3 sanaphepo munthu. Sali pamwamba, sali pansi."

"Ukanakhala m'kalasi mwanga ukanaima pakona mpaka belu."

"N'chifukwa chake ndinathawira kuno," anatero, n'kutenga mabisiketi awiri pamene lamulo likuti imodzi.

Lachinayi kunabwera mtsikana wophunzira unamwino, dzina lake Dou Xiaoman, wa ku Tianshui, mwana wa mlimi wa maapulo. Iye sanathamange. Anakhala nthawi yaitali cholembera chili m'mwamba, kenaka anandifunsa ngati pali yankho lolondola. Ndinati, "Mwana wanga, lolondola ndi loona. Lemba zoona, palibe amene adzakulange." Anapempha kuti akalembere kuchipinda kwake.

Amandilipira madola 24 pa ola. Ndatumiza 300 kudzera mwa Yanfei. Mugulire Amayi mankhwala a kuthamanga kwa magazi a miyezi itatu, zotsalazo mukonzetse zenera la kubafa mphepo ya fumbi isanayambe. Adyo wa kuno amachokera kwathu komweko, koma mtengo wake sindikuuzani, mungadwale.

Panyumba pano zinthu zili mmene zilili. Ndimaphika zanga masana, iwo asanaweruke, chifukwa mkamwini fungo la mafuta athu limamulowa m'malaya. Zina ndidzanena.

Ndine wanu,
Shuqin


Adelaide, 7 Epulo 2013

Okondedwa bambo a Yanfei,

Kalata yanu yafika, ndakondwa kumva kuti chifuwa cha Amayi chapola. Ndikhulupirira munakasesa kumanda kwa Bambo pa tsiku losesa manda la Qingming ndipo munawatchulira dzina langa. Ife tonse tili bwino.

Mapepala afika 118. Ndasintha kachitidwe. Masiku ano mwana akakhala pansi ndimayamba ndamufunsa kwawo, ndi chakudya chimene amachilota. Akatchula chakudya, dzanja limafewa, ma 3 aja amachepa. A Dokotala Kuang anaseka n'kunena kuti zimenezi m'mabuku awo mulibe, koma ndipitirize bola ndiziwachitira onse mofanana.

Mtsikana uja Xiaoman anabweza pepala lake patapita milungu iwiri. Nambala yake sindikuuzani, lamulo silindilola. Ingodziwani kuti ndinawonkhetsa kawiri.

"Ndalemba zoona monga munanenera, aphunzitsi."

"Wadya?"

"Ndadya."

"Wadya chiyani?"

"Bisiketi yanu ija."

Ndinamugawira mazira ndi tomato zimene ndinatenga, akudya anayamba kulankhula. Kuchipatala kumene amakaphunzira ntchito, namwino wamkulu, mayi wa msinkhu wa mayi ake, anamuuza kuti azingomutchula dzina lake basi, popanda ulemu uliwonse kutsogolo. Mwanayu pakamwa pake sipakulola. Ndiye chiyambireni samuitana konse. Akafuna kufunsa kanthu amaima pafupi n'kumadikira kuti mayiyo atembenuke yekha, ndipo mayiyo analemba kuti mtsikanayu safunsa mafunso. Odwala okalamba amamulankhula mothamanga, iye amangogwedeza mutu, kenaka amakalirira kuchipinda chosungira nsalu. Kwawo amatumiza zithunzi za kunyanja.

Pali lamulo limene ndimawawerengera onse asanalembe, loti amene nambala yake yapitirira 110 amalandira uthenga womuitana kwa mlangizi wa payunivesite, kwaulere, kuti akacheze. Ana amagwedeza mutu ngati mmene amachitira ndi malamulo onse. Apitirira ndi anayi, ndipo a Dokotala Kuang akuti uthenga upita mlungu uno. Ndapumula pomva zimenezi. Mwanayu apeza woti amuthandize kuposa nkhalamba ya mazira.

Nuonuo ndinamufunsa mafunso 12 a masamu m'chinenero chathu. Anayankha onse m'Chingerezi, koma onse molondola, ndiye sindidziwa ngati ndidandaule. Mpiru umene ndinayanika pampanda wa kutsogolo aneba sanaukonde. Podzuka ndinapeza Yanfei wauchotsa kale. Sitinakambirane.

Zofunda za thonje muzitulutse padzuwa musanazisunge. Mng'ono wanu akabwera ndi nkhani ya njinga yamoto, muuzeni kuti makiyi ndinapita nawo.

Ndine wanu,
Shuqin


Adelaide, 5 Meyi 2013

Okondedwa bambo a Yanfei,

Moni kwa inu ndi Amayi. Ndili bwino. Pepani kuti ndinakhala chete, ndinalibe mtima wogwira cholembera.

Ndiyambe ndi chabwino: mwana wapezeka, ali moyo, akudya. Ndikunena Xiaoman. Mnzake wa m'kalasi anabwera patebulo langa kudzandiuza kuti papita milungu iwiri osaoneka m'kalasi ngakhale kuchipatala, ndipo foni sakuyankha. Zimene zinadutsa m'mutu mwanga m'basi sindilemba. Amakhala m'kachipinda pamwamba pa sitolo ya ndiwo ku msewu wa Gouger. Nditagogoda kachitatu ndinamva masilipasi, chitseko n'kutseguka.

Sutikesi inali yotsegula pabedi. Wagula tikiti yobwerera kwawo ya pa 8 Juni, tsiku limene lendi yake ikutha. Mayeso ake akuyamba pa 15.

"Munati palibe adzandilange," anatero, n'kundipatsa foni. Unali uthenga uja, m'Chingerezi, pamwamba chizindikiro cha yunivesite, pansi tsiku ndi ola loti akaonekere.

"Ichi si chilango, mwana iwe. Akufuna kukuthandiza."

"Aphunzitsi, ine ndikuphunzira unamwino. Ndikangolowa m'chipinda chimenecho alemba mufayilo yanga kuti mutu wanga suli bwino. Ndi chipatala chiti chidzandilembe ntchito, kuno kapena kwathu? Kuli bwino ndichoke ndekha asanalembe. Bambo ndikawauza kuti nyengo ya kuno yandikana."

"Kuno kulibe fayilo yotero."

"Munaiona kuti kulibe?"

Inu mukudziwa kuti kwa zaka 34 ine ndinali mmodzi wa olemba m'mafayilo a ana. Mzere umodzi wa mphunzitsi umatsata munthu kuchokera kusukulu, kuntchito yoyamba, yachiwiri, mpaka kupuma, mwini wake osauona. Mwana amene anakula akudziwa zimenezi, ukamuuza kuti kuno ofesi ikakuitana ndiye kuti ikukufunira zabwino, amakuyang'ana ngati ukumunyengerera jekeseni. Zaka ziwiri ndi theka za maphunziro akufuna kuzisiya zitangotsala pang'ono, ndipo amene anamuuza kuti alembe zoona ndine.

Ndinamuphikira phala la mawere pachitofu chake, ndinaima mpaka anamaliza mbale.

Kwayamba kuzizira. Nyumba za kuno anamanga ngati kuti chisanu kulibe. Bondo lija layambanso, koma musawauze Amayi. Mwezi uno ndatumiza 200 yokha chifukwa ndinagula chotenthetsera chipinda.

Ndine wanu,
Shuqin


Adelaide, 19 Meyi 2013

Okondedwa bambo a Yanfei,

Ndalandira kalata yanu ndi mankhwala omata pabondo, zikomo. Ndakondwa kuti Amayi ayambanso kutsika kukakhala ndi anzawo pabwalo. Ine ndili bwinoko.

Mwalemba kuti mwana wa eni ndimusiye, ali ndi makolo ake. Makolo ake akudziwa za nyanja zokha. Mwalembanso kuti ngati kuno kwandivuta ndibwerere. Sindinanene kuti kwandivuta.

Zinthu zasunthako pang'ono. A Dokotala Kuang nditawauza, anavula magalasi. Anati iwo anachoka kwathu ali ndi zaka 19 ndipo anaiwala mmene uthenga wokhala ndi chidindo umaopsera. Tsiku lomwelo anaulemba mwatsopano, m'chinenero chathu, wopanda chizindikiro, wopanda ola, n'kuutumiza kwa ana anayi onse aja. Kenaka anakwera nane masitepe a ku Gouger, atanyamula malamulo a yunivesite, n'kumuwerengera Xiaoman ndime ndi ndime kuti zokambidwa kwa mlangizi sizipita kusukulu ya unamwino, kwa makolo, kapena kwa wolemba ntchito aliyense.

Mwanayo anawathirira tiyi ndi manja awiri, anamvetsera mpaka kumapeto, anati, "Zikomo aphunzitsi, ndamva." A Dokotala atangotsika, mwanayo anandiyang'ana n'kuti, "Kwathunso pamapepala amalemba zokoma."

Chimene ndapambana n'chakuti wabwerera m'kalasi ndi kuchipatala, koma akuti mpaka tsiku la ndege basi. Ndinamuuza kuti mwana wa mlimi sachoka m'munda dzuwa likadali m'mwamba, ngakhale munda atagulitsa. Zimenezo anazimva.

Lachitatu tinakangana ndi Xiaoman patebulo langa.

"Ungopitako kamodzi, ukaone."

"Inuyo munalowamo m'chipinda chimenecho?"

"Ine ndine nkhalamba, si mwana wasukulu."

"Ndiye mukudziwa bwanji? Si inu munandiuza kuti m'kalasi mwanu yankho lopanda njira yake munkalichonga kuti n'lolakwa?"

Ana a masiku ano pakamwa. Koma sananame. Ndafunsa, ndipo a Dokotala Kuang akuti ogwira ntchito payunivesite, ngakhale aganyu ngati ine, amaloledwa kukaonana ndi mlangizi yemweyo, chitseko chomwecho. Ndikuganizira. Mukuseka, ndikudziwa.

Yanfei ndi mkamwini anatsekerana kuchipinda Lamlungu lapitali. Chingerezi chothamanga sindichigwira, koma mawu oti "mayi ako" ndimawadziwa, ndipo anatchulidwa kasanu. Mwina amakambirana za tsiku langa lobadwa.

Msonkho wa madzi mulipire musanafike pa 25, chiphaso chili m'chitini cha tiyi.

Ndine wanu,
Shuqin


Adelaide, 2 Juni 2013

Okondedwa bambo a Yanfei,

Moni, ndi moni kwa Amayi. Ndili bwino kuposa mmene ndakhalira miyezi yonseyi. Khalani pansi, kalatayi italika.

Ndinapitako. Ndinamuuza Xiaoman kuti ndaganiza zokaonana ndi mlangizi koma Chingerezi changa n'chowerenga, si cholankhula, ndiye andiperekeze akandimasulire. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mukufuna kundikola."

"Ndikufuna womasulira. Ngati ukuopa, ndipempha mnyamata wa ku Shenyang uja, akauze mzinda wonse."

Anabwera.

Mlangiziyo ndi mayi Robyn, wa zaka ngati 50, wovala nsapato za kumunda. M'chipindamo muli mipando itatu, kompyuta imodzi, bokosi la timapepala topukutira misozi ndi duwa lofuna madzi. Poyamba anakayika, anati iwo amagwiritsa ntchito womasulira wa pafoni. Ndinati munthu amene sindikumuona nkhope sindimuuza kanthu. Anafunsa Xiaoman ngati wavomera mwa kufuna kwake, iye anavomera.

Ndinayamba ndi mafunso amene ndinakonzeratu. Mumalemba kuti? Amawerenga ndani? A Dokotala Kuang angaone? Nanga mwana wanga? Mayi Robyn anatembenuza kompyuta kuti tione tonse. Anati zolembazo zimakhala momwemo, palibe wina amaziona, pokhapokha moyo wa munthu uli pangozi, ndipo zikatero amayamba wamuuza mwini wake. Ndiye ndinafunsa funso limene sindinakonzekere.

"Nanga ine ndingawerenge zimene mwalemba za ine?"

Anati inde, tsiku lililonse, ndipo ngati walakwitsa ndimuuze akonze. Xiaoman sanamasulire. Anamufunsanso yekha, kenaka kachiwiri, poganiza kuti sanamve bwino. Atatembenukira kwa ine anati, "Akuti mungawerenge," ngati akundiuza kuti kuno nsomba zimayenda pamsewu.

Ndinapita nditakonza zoti ndikadandaule za bondo ndi mabasi. Za bondo ndinanena, Xiaoman anamasulira bwinobwino. Za mabasi ndinanena. Kenaka mayiyo anafunsa mwakachetechete kuti madzulo ndimadya ndi ndani. Funso limeneli lili papepala lathu, ndi la nambala 17, ndalipereka kwa ana oposa 200. Ndinapezeka ndayankha kuti, "Ndimadya ndekha, choimirira."

Mawu atatu. Xiaoman anayamba kumasulira. Ndinamva "ndekha", ndinamva "kudya", koma sanaime. Pakamwa panga Chingerezi n'cholemera, koma makutu amawerenga, ndipo nditafika mawu 40 ndinasiya kuwerenga. Ndinamva akutchula chipatala, ine chipatala sindinachitchule. Ndinamva chipinda chosungira nsalu. Ndinamva bambo, maapulo, ndege. Maso ake anali pansi, mawu akutuluka ngati madzi a mumpopi umene unatsekeka. Mayi Robyn anangosuntha mpando wake pang'onopang'ono mpaka unayang'ana kwa mwanayo, n'kukankhira bokosi lija pakati pathu. Tinatengamo tonse. Ine ndinayang'ana duwa.

Pomaliza mayiyo anati ola limeneli linali la mayi Pei ndipo labedwa, ndiye andipatsa lina. Kenaka anamufunsa Xiaoman ngati angafune lakelake. Mwanayo anayang'ana kwa ine.

"Usandiyang'ane ine, yankha wekha. Lero ndamasuliridwa mokwanira."

Anasankha Lachisanu.

Potsika masitepe ndinati, "Womasulira wabodza iwe. Ine bambo anga analima liti maapulo?" Anaseka mamina ali panja, mpaka ana ena anatembenuka.

Musaganize kuti zatha. Tikiti sanabweze. Akuti ayambe waona ngati ine andichotse ntchito, chifukwa ngati fayilo ilipo iyambira pa ine. Ndavomera kukhala woyesera.

Tsopano mwadziwa za kudya choimirira. Palibe amene anandiletsa kukhala patebulo, ndinangoona kuti zimapepuka choncho. Musamuimbire Yanfei. Ndikunena zoona, musamuimbire.

Ndine wanu,
Shuqin


Adelaide, 9 Juni 2013

Okondedwa bambo a Yanfei,

Ndikhulupirira muli bwino, inu wosamva. Moni kwa Amayi.

Ndege inapita dzulo, mpando umodzi uli wopanda munthu.

Mlungu wonse Xiaoman ankadutsa patebulo langa osaima, kungoponya mawu. "Sanakuchotsenibe?" Ndinkati, "Bwera mawa." Lachisanu anakaonana ndi mayi Robyn, ndipo anapempha kuwerenga zimene analemba za iye. Akuti inali mizere isanu ndi umodzi, ndipo anakonzetsa dzina la mudzi wawo. Za tikiti sanandiuze kanthu, inenso sindinafunse. Loweruka m'mawa ndinasesa khonde kawiri. Kenaka belu linalira, ndipo anali iye, wopanda sutikesi, atakumbatira buku lalikulu la ziwalo za thupi.

"Aphunzitsi, mnzanga wa m'chipinda choyandikana amaimba nyimbo. Mungandifunseko mafupa?"

Ola limene ndege imanyamuka tinali pa mafupa a dzanja. Alipo 27, iye anatchula 25. Ndinamuuza kuti odwala ake adzafuna onse. Mwini nyumba wavomera kumuonjezera lendi, ndipo ndalama ya tikiti am'bwezera theka.

Tsopano za inu. Ndinati musaimbe, inu munaimba kalata itangofika. Yanfei analowa m'khitchini foni ili m'manja, maso ofiira, anandikalipira ngati ndine mwana wake. Akuti ankaganiza kuti ndimadya msanga chifukwa cha mimba yanga. Akutinso kukangana kuja kunali kwakuti mkamwini amafuna andigulire chitofu chapanja chamoto waukulu, iye n'kumati ndingaone ngati akundithamangitsa m'nyumba. Kapena n'zoona, kapena wazikonza bwino. Sindinafufuze. Dzulo patebulo tinalipo asanu pamodzi ndi Xiaoman, ndipo mkamwini anadya adyo wosaphika kuti andisangalatse, misozi ili mbwee. Ndakukhululukirani theka.

Masamba a bango okulungira mpunga wa pachikondwerero muwanyike usiku wonse, ndipo Amayi musawapatse woposa umodzi, umawalemera m'mimba.

Ndine wanu,
Shuqin


Adelaide, 21 Julayi 2013

Okondedwa bambo a Yanfei,

Moni kwa inu ndi Amayi, ndikhulupirira kutentha sikukuwasowetsa tulo. Kuno mvula ndi mphepo, koma bondo likupirira. Nuonuo wandiyankha kawiri m'chinenero chathu mlungu uno, kamodzi pofuna shuga.

Kafukufuku tatseka ndi mapepala 312. Funso limene lakwera kuposa onse si la Chingerezi, si la chakudya, ndi lija la kubisira makolo. A Dokotala Kuang akufuna kubwereza teremu ikubwerayi kwa ana omwewo kuti aone ngati nkhawa imatsika munthu akakhalitsa, ndipo andipempha ndikhalenso patebulo. Ndavomera mpaka Novembala. Za pambuyo pake tikambirane ndikabwera pa Chaka Chatsopano.

Zotsatira za mayeso zinatuluka. Xiaoman wakhoza maphunziro atatu. La kuchipatala abwereza, chifukwa cha milungu ija anajomba, ndiye amaliza mochedwa ndi miyezi isanu ndi umodzi. Namwino wamkulu uja Xiaoman anamuitana ndi dzina lake koyamba mwezi watha. Akuti anatseka maso.

Kuchedwa kumeneku sikubisika, ndiye anaganiza zowauza bambo ake zonse, ndipo anapempha kuti ndikhale pafupi. Tinaimba Lamlungu lapitali masana, foni ili patebulo kuti tonse timve. Bambowo anali m'munda. Mwanayo ananena za chipinda chosungira nsalu, za tikiti, za mayi Robyn. Kenaka bambowo anafunsa ndi mawu otsika.

"Zalembedwa mufayilo?"

Xiaoman anandiyang'ana, ngati akufuna kuseka.

"Bambo, zimene analemba ndinaziwerenga ndekha. Zimakhala m'chipinda chomwecho."

"Amatero. Undipatse aphunzitsi akowo."

Ndinasendera pafupi, ndinawalonjera, ndinafunsa za maapulo. Anati matalala anawalambalala chaka chino. Kenaka anati, "Aphunzitsi a Pei, ine sukulu sindinapite patali. Mundiuze ngati munthu wamkulu. Mwanayu sanadziwonongere tsogolo?"

"Bambo a Xiaoman, m'chipinda chimenecho ndinayamba kulowa ndine. Mpaka lero ntchito ndikugwira, andionjezeranso."

"Inunso munalowamo?"

"Ndinalowamo."

"Ndiye kuti inunso kumeneko kumakuvutani."

Ndinayang'ana mwanayo, ndinayang'ana foni. Ndinati, "Kumandivuta."

Ndinamva bambowo akupuma ngati munthu amene watula dengu.

"Basi, muziyang'anirana," anatero. "Xiaoman, miyezi isanu ndi umodzi si kanthu. Mtengo wina umabereka mochedwa. Koma zithunzi za kunyanja zija usiye, mayi ako ankadabwa kuti bwanji uli wekha pa zonse."

Ola langa limene linabedwa lija ndalisungitsa Lachinayi likubwerali. Xiaoman adzakhala ali kuchipatala, ndiye ndavomera womasulira wa pafoni. Ndalemba zinthu zinayi zokakamba. Inu muli pa nambala 3.

Ndine wanu,
Shuqin